Bokosi la achimwene linabwera pa njinga

Mundikhululukire, ine sukulu ndinalekezera kumudzi konkuno kwa Mbenje, ndipo kulembera anthu ambiri sindinazolowere. Koma za tsiku limene tinaika achimwene anga, a Zuze, ndinaziona ndi maso anga.

Ndinadzuka nkhuku zisanalire. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba pasiwa anali atasasa mawu, ndipo kuseri kwa nyumba ena ankasonkha moto. Mphepo kunalibe. Aliyense ankadziwa kuti dzuwa la kuno silidikira munthu, thupi liyenera kulowa m'manda masana asanafike.

Achimwene anasiya kudula nzimbe n'kugula njinga yamoto. Anali m'gulu la anyamata onyamula katundu. Munthu akafuna kutumiza nsomba, mankhwala kapena thumba la mpunga, amalemba uthenga m'gulu lawo la pafoni, ndipo woyamba kuyankha ndiye amatenga ntchitoyo. Bwana alibe. Amayi ntchitoyi ankadana nayo, ndipo achimwene atagunda ng'ombe pamsewu n'kumwalira, anakana ngakhale kuyang'ana foni yawo. Ndinaisunga ine.

Kukucha, adzukulu atapita kale kukakumba, uthenga unafika wakuti lole imene tinapangana nayo yafera panjira. Bokosi linali likadali kwa kalipentala ku Bangula. Pansi pa mtengo abambo ena anayamba kunong'ona kuti akanakhala wa kumunda wa nzimbe, bwenzi kampani itatumiza galimoto. Malume anati zikavuta tiwakulunga mumphasa. Amayi atamva anagwetsa nkhope pansi.

Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga foni ija, n'kulemba m'gulu lija monga ndinkaonera achimwene akuwerenga: katundu ali ku Bangula, ndi bokosi la a Zuze, lifike dzuwa lisanakwere. Nthawi yomweyo foni inalira, anali mmodzi wa a m'gululo.

“Iwe ndiwe mng'ono wake? Usalirenso, ndalitenga ine. Enawa achedwa ngati masiku onse.”

M'fonimo ndinamva mnzake chapatali akumukuwira kuti, “Ndi matayala ako osalalawo? Tikuperekeza, ungatichititse manyazi!”

Anthu anapitiriza kufika, ena wapansi, ena pa ngolo, asodzi a kudambo atanyamula nsomba zouma za ndiwo. Malume ankayang'ana dzuwa, kenako n'kuyang'ana ine. Ine mtima unali m'malo. Ndinkadziwa kuti anyamatawa akayankha, katundu amafika.

Tinayamba taona fumbi. Njinga zinabwera pang'onopang'ono, nyali zikuyaka ngakhale kunali kowala. Pakati panali ya mwamuna wamfupi, yemwe anandiimbira uja, bokosi atalimanga mopingasa ndi mphira, pansi atayalapo bulangete lake kuti lisakandike. Awiri anali kutsogolo kupatutsa ng'ombe. Atayandikira pasiwa anazimitsa injini n'kumakankha ndi manja. Abambo a pansi pa mtengo aja anaimirira.

Wamfupi uja anavula chisoti, nagwada pakhomo. “Mayi, katundu uyu sitisiyira wina. Timapereka m'manja mwa mwini wake.”

Amayi anatuluka, nagwira bokosilo ndi manja onse awiri. Anangothokoza m'chilankhulo cha kwathu kuno kuti, “Takhuta, ana anga.”

Popita kumanda adzukulu ndi anyamata a njinga ankalandirana bokosi, kwaya ili patsogolo. Mchenga unkaotcha kumapazi, koma tinaika thupi nthawi yabwino. Anyamatawo sanadikire chakudya. Mafoni awo anali atayamba kale kulira, ndipo wina anapepesa kwa malume kuti ali ndi mankhwala a mwana wodwala m'chikwama.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munatsala ine ndi amayi, ndi phulusa panja. Foni ya achimwene inalira. Anali mayi wina wogulitsa nsomba amene sanamve za maliro. Ndinafuna kuizimitsa, koma amayi anandigwira dzanja.

“Mpatse nambala ya wamfupi uja. Nsomba zake zingaonongeke.”

Tinachita choncho kwa aliyense woimba, mpaka onse anadziwa. Foniyo amayi anaizimitsa okha Lamulungu lotsatira, titachokera kutchalitchi.