Ana a Katumbu Amene Sanalembedwe

Inu amene munachita chinthu choyenera koma malipiro ake n'kukhala kunyozedwa, imani kaye ndikuuzeni za Danica.

M'mawa wina, pa doko lathu la kumadzulo kwa Australia, Danica anapeza majombo ndi jekete yake zitaponyedwa pansi. Boti la bambo ake, a Stipe, linali litaliza kale injini.

"Ababa, mukundisiya?"

"Boti langali silinyamula akazitape," anatero a Stipe, osamuyang'ana n'komwe. Sanamulankhulitsenso kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Mlandu wake unali uwu. Kwathu kuno timadyera nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja, zomwe timatchera ndi miono. Tsoka lake, nyambo ya m'mono imakopanso ana a katumbu wa m'nyanja, chinyama chachikulu chija Azungu amati sea lion. Kamwana kamakanikiza mutu pakamwa pa mono, kulowa kumatheka koma kutuluka ayi, ndipo kamafera momwemo. Boma limafuna kuti chilichonse chogwidwa mosafuna chilembedwe m'kaundula wa boti. Koma ife tinali ndi lamulo lathu: ukapeza katumbu wakufa, mponye m'madzi n'kutseka pakamwa. Ndikuti "ife" chifukwa nanenso ndinaponyapo, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Tsiku lina Danica, yemwe ankathandiza bambo ake pa boti, anakoka mono n'kupezamo kamwana kakufa. Mayi wa kamwanako ankazungulira boti akulira. Atafika kumtunda, Danica anatsegula kaundula n'kulemba: katumbu mmodzi, wakufa, pafupi ndi chilumba.

Mzere umodzi wokhawo unautsa mavu pachisa. Akuluakulu a zausodzi anabwera, anafufuza, kenako anatseka madzi onse ozungulira chilumbacho, komwe kunali nkhanu zambiri. Mabanja makumi awiri anayamba kukatchera kutali n'kumabwerera ndi zochepa.

Mudzi wonse unamuda. Akalowa m'sitolo, amuna ankakodolana.

"Chete anyamata, alembi afika!"

"Mayi mlembi, ndayetsemula kawiri lero. Mulembe, boma lidziwe."

Zonsezo akanatha kupirira. Chomwe chinkamudya mtima ndi bambo ake. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo a Stipe ndiwo anamulera, kumuphunzitsa kumanga mfundo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Tsopano akakumana panjira, mkuluyo ankawolokera tsidya lina.

Palibe boti lomwe linamulemba ntchito. Anakapezeka m'chipinda chozizira cha kampani, akudula mitu ya nsomba ya nyambo. Ambiri tinkati athawira ku tauni. Sanathawe.

Akuluakulu aja anali atanenapo za kachitsulo koimika pakati pa mono, koti nkhanu izidutsa koma katumbu azilephera. Asodzi anangoseka. "Nkhanu si yopusa," ankatero, "ikaona chitsulo ibwerera." Danica sanaseke nawo. Anagula makina akale owotcherera zitsulo n'kuyamba kuphunzira yekha kuseri kwa nyumba. Manja ake anadzaza zipsera.

Anayenda boti ndi boti kupempha kuti ayesere. Onse anakana, kupatula mayi wina wamasiye, a Noelene, omwe ankayendetsa okha boti la malemu amuna awo.

"Ndikupatsa miono isanu yokha," anatero a Noelene. "Ikabwera yopanda kanthu, ndikutchera iweyo ngati nyambo."

Chaka choyamba inabweradi yopanda kanthu, chifukwa zitsulo zinatalika kwambiri. Chaka chachiwiri anazifupikitsa, koma mafunde anazithyola. Danica analira, anapukuta misozi, n'kuwotchereranso. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lililonse ankalemba zonse: nkhanu zingati, zamazira zomwe wabweza m'madzi zingati, katumbu alipo kapena ayi.

Chaka chachitatu, miono yake inagwira nkhanu mofanana ndi ya wina aliyense, ndipo munalibe katumbu ngakhale mmodzi. Akuluakulu anawerenga kaundula wake, ndipo anamukhulupirira chifukwa ankadziwa kuti munthuyu analembapo choona pamene choonacho chinkamuwotcha. Madzi a kuchilumba anatsegulidwa kwa aliyense woika zitsulozo.

Mukanaona mzere pakhomo pake! Omwe aja a "mayi mlembi" anaima zipewa zili m'manja: "Achemwali, tiwotcherereniko zitsulo makumi atatu." Pasanathe chaka boma linamupatsa ntchito yoyang'anira akaundula a maboti onse a dera lathu.

Koma mmodzi sanabwere. A Stipe anasankha kugulitsa boti m'malo mogogoda pakhomo pa mwana wawo. Danica anali atapambana pamaso pa anthu onse, koma madzulo ankadya yekha.

Chaka chachisanu ndi chiwiri mkuluyo anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Danica ankapita kuchipatala Lamlungu lililonse. Akalowa, bambo ake ankatembenukira kukhoma. Iye ankakhala pampando ola lathunthu, kenako n'kunena kuti, "Ndapita, ababa. Ndibweranso."

Lamlungu lina akudzuka kuti azipita, mawu anamveka kuchokera kukhoma kuja.

"Iwe. Cholembera uli nacho?"

"Ndili nacho, ababa."

"Khala pansi. Lemba makumi anayi ndi atatu."

"Makumi anayi ndi atatu a chiyani?"

A Stipe anatembenuka, misozi ili lengelenge m'maso. "Anga. Amene ndinaponya m'madzi. Ukuganiza kuti sindinkawerenga? Woyamba iwe usanabadwe, pa mwala wakumpoto uja. Ndimawakumbukira onse." Anatsokomola nthawi yaitali. "Sindinkadana nawe, mwanawe. Iwe unalemba mmodzi tsiku lomwelo. Ine makumi anayi ndi atatu ndinakhalira chete. Ndikanakuyang'ana bwanji?"

Masana onsewo bambo ankatchula chaka ndi malo, mwana akulemba, misozi ikudonthera papepala. Atafika pa womaliza, mkuluyo anagwira dzanja la zipsera lija n'kuliyang'ana kanthawi.

"Ndani anakuphunzitsa kuwotcherera moipa chonchi?"

Anaseka onse awiri, kwinaku akulira. Patatha masabata atatu tinawaika m'manda a Stipe.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinapita, ndipo palibe amene angamubwezere Danica zakazo. Anangopeza masabata atatu okha. Koma akanathawira ku tauni, kapena akanatopa ndi kupita kuchipatala kuja, ngakhale atatuwo sakanawaona.

Inu amene mukusalidwa lero chifukwa chonena zoona, dziwani kuti nthawi zina amene wakutembenuzirani msana sakudana nanu, koma akulimbana ndi manyazi ake. Gwirani ntchito yanu, ndipo musaleke kugogoda pakhomo pake. Osataya mtima. Mwina Lamlungu likubwerali ndi lomwe adzakufunseni cholembera.