Kamba Wachiwiri Amene Sindinapemphe

Amuna anga atamwalira anandisiyira mabuku, nsapato zambirimbiri ndi kamba. Ankamusunga kuseri kwa nyumba yathu ku Madaraka, kuno kudziko la eni, m'kampanda ka matabwa momwe munali dothi ndi beseni la madzi. Anali wa mtundu uja woti akaopa amalowetsa mutu n'kutseka chigoba ngati bokosi. Ine ndinalibe naye chidwi, mpaka ntchito yomudulira masamba inandigwera.

Nditabwerako kumudzi kokaika maliro, amayi a kumpingo wathu wa Amalawi anagawana masiku odzandichezetsa. Kwathu wofedwa sasiyidwa yekha, ndipo ndinkayamikira. Koma uyu akamatsanzika, wina anali atafika kale pageti. Ndikachedwa kubafa ankagogoda. Misozi ikangolengeza, wina ankayambitsa nyimbo. Mwezi unatha ndisanawalire bwinobwino amuna anga.

Tsiku lina mmodzi wa amayiwo, namwino wamtima wabwino koma wosamva zonena wina, anatsika minibasi, imene kuno amati matatu, atanyamula katoni. Munali kamba wina, wogula kwa munthu ku Kawangware.

"Asisi, kamba wanuyu nayenso ndi wofedwatu," anatero. "Kali kokha n'kanyama."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti ameneyu ndi kanyamadi, koma ndinaugwira mtima. Komanso funsolo linandikola. Kodi kamba amasowa mnzake? Ankadziwa n'komwe kuti dzanja lomupatsa papaya lasintha?

Ndinaika kamba watsopanoyo m'kampanda muja, n'kuyamba kukhala pakhonde n'kumawayang'ana awiriwo. Sanalonjerane ngakhale pang'ono. Mlendoyo ankalondola mnzake paliponse, kumugunda ndi chigoba, kumukwera pamsana, kumutsogolera pambale. Poyamba ndinkati mwina ndiko kucheza kwa akamba. Koma wathuyo anakalowa pakona n'kudzitsekera. Masamba a ndiwo ya sukuma ankafota osawakhudza, ndipo nditamunyamula ndinamva kuti wapepuka. Ndinachita mantha, chifukwa pa zonse zimene amuna anga anasiya, chopuma chinali iyeyu.

Ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto ku Pangani. Anamutembenuza, n'kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa.

"Pole, mama," anandipepesa m'chinenero cha kuno. "Sakudwala ameneyu. Watopa ndi mlendo."

Anandifotokozera kuti akamba oterewa amayenda okha kutchire, amangofunana nthawi yoswana. Ena amapirirana malo akakhala aakulu, koma kuwathinitsa pamodzi si chifundo.

Ndinagawa kampandako pakati ndi thabwa. M'mawa mwake wathuyo anatsegula chigoba, kusuzumira uku ndi uku ngati munthu wofuna kudutsa msewu, kenako n'kuluma papaya. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinamusirira.

Lamlungu titaweruka ndinawapeza anamwino aja.

"Amayi, ndapota nanu, Lachitatu pasabwere munthu."

"Nanga anthu atiti chiyani, asisi?"

"Ati ndapempha ndine."

Anakhumudwa, nkhope inaonetsa, koma anamvera.

Lachitatulo m'nyumba munali zii. Ndinatulutsa nsapato za amuna anga n'kukhala nazo pansi. Ndinalira mpaka mawu anasasa, popanda woyambitsa nyimbo. Dzuwa litapendeka ndinamva njala, koyamba chibwerereni kumaliro. Ndinadula papaya, chidutswa cha kamba uyu, cha kamba uyo, chotsala changa. Nditakhuta ndinaimbira anamwino aja kuti mawa abwere, ndipo asaiwale mandasi.