Mzere wofiira umene unatsala mu kompyuta

Mu sutukesi ya amayi, pansi pa zitenje za ku tchalitchi, munkakhala pepala lopindidwa kanayi. Linali mapu a munda wathu, mizere yakuda pa pepala loyera, ndipo pa ngodya ina panali banga lalikulu ngati chikhatho changa cha nthawi imeneyo. Banga limenelo ndi magazi a amayi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chilimwe chimene pepalalo linalowa m'nyumba mwathu, ndipo ndinalipo pamene linkatuluka m'makina.

Munda wathu unali m'mbali mwa phiri, kufupi ndi Bowe. Kumunsi kwake kunali mzere wa khonje, malire a makolo. Kuseri kwa mzerewo kunali dimba lonyowa chaka chonse, la banja la akazi a aphunzitsi anga a Sitandade 4. Aliyense ankadziwa zimenezi, ngakhale mbuzi. Koma mzere uja unapsa ndi moto wolusa, kunangotsala zitsa zingapo, ndipo amalume, mlongo wawo wa amayi, anayamba kulisirira dimbalo kuti aikepo nazale ya fodya. Iwo anali mwinimbumba, choncho mawu awo sankabwezedwa. Abambo anali mkamwini wochokera ku Ntchisi. Ntchito yawo inali kulima, osati kufunsa za malire.

Chaka cha m'mbuyo mwake kunabwera anthu oyeza minda, akuluakulu akuwalozera malire. Mmodzi wa oyezawo anali mnzawo wa amalume, ndipo zojambula zonse anali nazo pa kompyuta yake ku boma. Amalume popita kukamuona ku bomako, ine ananditenga chifukwa cha dzino lofunika kuzula. Titachoka kuchipatala, thonje lili m'kamwa, tinalowa m'kachipinda konunkha fumbi ndi waya wotentha.

Ndinali ndisanaonepo chinthu chokongola chotero. Sikirini inali yakuda bii, ndipo phiri lathu lonse linali mmenemo: mtsinje wabuluu, minda ya mizere yoyera, malire ofiira. Ndinauona mzere wofiira utagona pamene panali khonje paja.

"Ndisindikize zonse?" anafunsa munthu uja.

"Ayi, munda wa alongo anga basi," anatero amalume.

Munthuyo anadina pa ngodya ya kumtunda, nakoka kabokosi kotsika nako pang'onopang'ono. Katatsala pang'ono kukhudza mzere wofiira, amalume anaika chala pa sikirini. "Pomwepo. Musapitirire." Pepala linatuluka lofunda ngati chigumu. Munda wathu unali wotsekedwa kumtunda ndi m'mbali, koma kumunsi mizere yake inangotsika n'kuthera pamene pepala linathera.

Panjira ndinafunsa, ndi kamwa langa lotupalo, kuti mzere wofiira wapita kuti. "Inki yofiira inatha," anatero amalume, nandigulira chipisi chimene sindikanatha kutafuna.

Lero ndimajambula mapulani a nyumba ku Lilongwe, ndipo kabokosi kameneko ndimakakoka kakhumi pa tsiku. Munthu akafuna khitchini yokha, ndimadina ngodya iyi ndi iyo, makina n'kusindikiza za mkati mokha. Makinawo sanama. Amangomvera chala. Koma mpaka pano ndikakoka kabokosiko ndimapitirira dala, kuti malire onse alowe, ndipo anzanga amandiseka kuti ndimawononga mapepala.

Kunyumba amalume anayala pepala pa mkeka. Amayi sankadziwa kuwerenga, koma ankaopa pepala lililonse lochokera ku boma. "Mukuona kumunsiku? Palibe malire. Munda wanu ukufika kumtsinje. Anthu aja akhala akukudyerani masuku pamutu," anatero amalume. Amayi anakwiya ndi mtima wonse, mkwiyo wa munthu amene akukhulupirira kuti waberedwa zaka zambiri. Mkwiyo umenewo ndiwo umandipweteka koposa, chifukwa amayi sanasirirepo cha mwini.

Loweruka m'mamawa tinatsika ndi makasu. Abambo anazula zitsa za khonje mosafuna, amalume akugwetsa mpanda wa dimba ndi kupondaponda mpiru ndi tomato. Dzuwa linali litaswa kale mtengo pamene aphunzitsi anafika pa njinga. Sanakalipe. Anapempha pepala, naliyang'ana monga ankayang'anira makope athu.

"Pepalali ndi lodula," anatero. "Kumunsi kwake kuli kuti?"

Amalume anatembenuza khasu, nawamenya ndi mpini pamilomo. Ndinamva phokoso ngati la chikho chosweka. Aphunzitsi anagwada, akulavula mano awiri m'dothi, malaya awo oyera atafiira mpaka pa lamba. Akazi awo anakuwa, ndipo mkuwowo unakwera phiri lonse.

Alamu awo a aphunzitsi anatulukira mu nthochi ndi zikwanje, mipini ndi miyala. Amalume anawaona, naponya khasu, n'kuliyatsa liwiro la kuphiri. Otsala anali abambo, amene sanafune n'komwe kubwera. Amuna aja anawagwetsa mu mzere n'kumawapondaponda m'nthiti. Abambo anatchinga mutu ndi dzanja, chikwanje chinatsika, ndipo zala ziwiri zinagwera pa masamba a mpiru. Ndinaziona ndi maso angawa, zikadagwederabe. Ndinadzikodzera pomwepo.

Amayi anatola pepala lija pansi. Analikweza pamwamba pa mutu ndi manja awiri, nathamangira pakati pa amuna aja akufuula kuti, "Boma lalemba! Onani, boma lalemba!" Ankaganiza kuti pepala liwaimitsa. Mwala unawapeza pamwamba pa khutu la kumanzere. Anagwa chafufumimba, pepala lili pansi pa tsaya, ndipo amuna aja ataona kuti sakugwedera anabwerera m'mbuyo. Popita anayatsa chigafa chathu cha fodya. Utsi wake unatiperekeza pamene ngolo ya ng'ombe inkatitengera ku Madisi, makolo anga awiri atagona pa mphasa imodzi yonyowa.

Amayi anachira, koma khutu limenelo silinamvenso. Abambo anaphunzira kugwira khasu ndi zala zitatu. Amalume tinangomva kuti ali ku maesiteti a fodya ku Kasungu. Aphunzitsi anabwerera m'kalasi ndi mlomo wosokedwa, mawu awo akutuluka ndi kamluzu. Sanandimenyepo chaka chonsecho, koma sananditchulenso dzina. Ndikanakonda akanandikwapula.

Tsiku lachitatu ku chipatala ndinapeza amayi akulira, mutu uli m'mabandeji. Ankadandaula kuti anthu akana mawu a boma, kuti wosauka alibe pothawira. Ndinafuna kuwatonthoza. Ndinazungulira ku khutu labwino lija n'kuwauza kuti asalire, aphunzitsi sanalakwe kufunsa, mzere wa kumunsi ulipo ndithu, ndinauona mu kompyuta, wofiira, pa khonje penipeni. Amalume anauza munthu uja kuti aime asanaufike chifukwa inki yofiira inatha. Tikangopita ndi inki ina, pepala lituluka lonse ndipo aliyense agwirizana.

Amayi anasiya kulira. Anandiuza kuti ndiwasonyeze pamene amalume anaika chala. Ndinawasonyeza pa bulangeti. Anagwira dzanja langa mwamphamvu mpaka linawawa.

"Chibale ndi fupa, sichiola," anatero motsitsa. "Usadzanenenso kwa munthu aliyense."

Anatembenukira kukhoma. Ine ndinatuluka panja ndili wokhumudwa, osamvetsa kuti ndalakwa chiyani, popeza ndinali nditawabweretsera nkhani yabwino. Chilimwe chonsecho ndinkayang'ana cholembera chofiira cha aphunzitsi pa tebulo lawo, ndikuganiza kuti mwina inki ya mmenemo ikanakwana.