Mafilizesi a Mtima wa Amayi

Mtima wa amayi anga umathamanga wokha popanda wouthamangitsa. Amatha kukhala pakhonde akusankha mpunga, kenaka mungoona lichero laikidwa pansi, dzanja lili pachifuwa, milomo yatuwa. Mukawagwira pamkono simungawerenge kugundako, kumangokhala ngati injini ya chigayo.

Ku chipatala ku Likuni adawamata timawaya pachifuwa, makina n'kulemba mizere yokhotakhota. Dokotala adati mtima uli ndi magetsi akeake amene amauuza nthawi yogunda, ndipo mwa amayi magetsiwo amasochera n'kumangozungulira malo amodzi. Adatinso pali mtsempha wochokera ku ubongo, wodutsa m'khosi, umene umaugwira mtima mabuleki, ndipo mtsemphawo umadzidzimuka ndi kuzizira.

"Zikayamba, aviike nkhope m'madzi ozizira kwambiri, agwire mpweya," adatero. "Zikakana, thamangani nawo kuno."

Kunena n'kosavuta. Ife ku Chinsapo firiji tinalibe. Koma kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wa ku Mangochi wogulitsa mafilizesi, timachubu ta zakumwa zouma gwa zomwe ana amayamwa pochokera kusukulu. Ndikangogogoda ndi beseni m'manja, sankafunsa n'komwe, ankangodzaza. Tinkathira madzi pamwamba, amayi n'kugwada, n'kumiza nkhope pakati pa timachubu tofiira ndi tachikasu. Ine chala pamkono pawo. Mtima unkaphunthwa, n'kukhala chete kamphindi koopsa, kenaka n'kuyamba kuyenda ngati wa munthu. Amayi ankadzuka nsidze zikudontha n'kunena kuti, "Ndabatizidwanso, a mpingo asamve."

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, zidayambanso. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake. Ndidathamanga ndi beseni langa monga mwa masiku onse. Mayi uja adatsekula firiji n'kungondiyang'ana. Timachubu tonse tinali titasungunuka, tofunda ngati tiyi wotsala m'kapu.

"Pepani, achemwali," adatero, misozi ili m'maso.

Ndidazungulira nyumba zonse za mzere wathu. Paliponse yankho linali limodzi. Ndidatukwana mapolo a magetsi, ndidatukwana mawaya, anthu n'kumandiona ngati wapenga, koma polo silimva. Madzi a pampopi anali otentha. A mumtsuko tidayesa: tidaviika, tidaviikanso, mtsempha uja osadzidzimuka. Amayi adasiya nthabwala. Ankangondiyang'ana, thukuta lili kamukamu, ngati ine ndikudziwa china chake. Ndinalibe chilichonse, ndipo ndinali ndi mantha.

Tidakwera kabaza wa njinga yamoto, amayi pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira. Mtima wawo unkandigunda pachifuwa kudzera kumsana kwawo, msewu wonse wa fumbi mpaka ku Likuni. Ndinkaufinya ndi manja anga ngati ungamve.

Kuchipatala adawabaya jakisoni, mtima n'kusiya kuthamanga. Dokotala adati njira yothetseratu vutoli ilipo: amalowetsa kawaya mumtsempha mpaka mumtima n'kuwotcha pamene magetsi amasocherapo. Koma zimenezo, adatero, amachita kunja kwa dziko. Tidati zikomo, n'kunyamula beseni lomwe ndidafika nalo kuchipatala osadziwa.

Lero firiji tili nayo, ndipo m'chipinda chake chapamwamba simulowa nyama kapena nsomba, muli mabotolo a madzi okhaokha. Magetsi akazima palibe amene amaloledwa kuitsekula. Ana anga amadziwa kuti pamenepo sindiseka ndi munthu. Ndimakhala pansi n'kumayerekeza kusoka kapena kusenda mbatata, koma maso ali pakhosi pa amayi, pamene kamtsempha kamadumphadumpha pansi pa khungu.

Amayi adazindikira kalekale. Magetsi akangothima, ngakhale kutenthe bwanji, amatenga chitenje n'kudzifunda m'khosi.