Tsiku Limene Sindinatsike Panjinga

Uthenga unandipeza mochedwa ndi masiku awiri. Magetsi ku Mbombwe anali atathima kuyambira Lamulungu, foni yanga n'kungokhala pawindo osayaka. Lachitatu m'mawa nditaitchaja pang'ono kwa mnzanga wa sola, munatuluka mawu ochepa ochokera kwa mayi anga ondipeza a ku Mpama: “Bambo anu adwalika. Akukufunsani. Bwerani.”

Bambo ndi mayi anga anasiyana ndili wamng'ono. Ine ndinakulira kwa amayi monga mwa mwambo, bambo n'kukakwatira ku Mpama, komwe ankakhala pachikamwini. Sitinkadana, koma tinkaonana mwa apo ndi apo, ndipo chaka chimenecho ndinali ndisanapondeko ngakhale kamodzi. Ndiye mawu oti akukufunsani anandilasa mtima. Ndinkangofuna chinthu chimodzi basi, ndikawaone ndi maso angawa.

Ndinali ndi njinga yamagiya, ya matayala okhakhala, ndipo ndinkainyadira kuposa mmene munthu wandevu ayenera kunyadira chitsulo. Minibasi ndinkazinyoza, zozungulira, zodikira mpaka zidzaze. Ine ndinkadziwa njira zachidule zodutsa m'minda, m'madambo ndi kuseri kwa midzi, ulendo wa maola atatu nthaka ikakhala youma. Mkazi wanga anasuzumira panja nati, “Abambo, chiperoni chimenechi mupita nacho panjinga?” Ndinamuyankha mokalipa kuti chiperoni si mvula. Foni ndinaizimitsa kuti moto usathe, n'kuikulunga mujumbo. Ndinavala jekete yachipewa, n'kumanga zingwe zake mpaka kunangotsala maso ndi mphuno.

Zoona, chiperoni si mvula, koma kwa wapanjinga bola mvulayo. Mvula imagwa n'kukata. Chiperoni chimangoyandama, kuwaza pang'onopang'ono, kuzizira mpaka m'mano. Chimanyowetsa dothi pamwamba pokha, pansi pali pouma gwa, ndiye katondo amaterera ngati therere. Pamtsetse woyamba ndinagwira mabuleki, tayala lakumbuyo n'kunditsogolera, ine khu! m'munda wa nandolo. Ndinadzuka ndikutukwana nandoloyo ngati ndi amene wandigwetsa.

M'dambo munali vuto lina. Makande anamata matayala mpaka anasiya kuzungulira, ndipo ndinkaima kawirikawiri kukokota ndi kamtengo. Paulalo wa mitengo itatu ndinanyamula njinga paphewa n'kuwoloka chokwawa, madzi ndikungowamva pansi osawaona. Amene anakana minibasi ndinali ine ndemwe, ndiye ndikanadandaulira yani? Walira mvula walira matope.

Chimene chinayamba kundiopsa si matope ayi. Masiku onse panjira imeneyi ndimayenda ndi phiri la Chiradzulu: likakhala apa ndimadziwa kuti ndili pakuti, likasuntha ndimadziwa pokhotera. Tsiku limenelo phiri kunalibe. Chifunga chinali chitameza zonse, ndinkangoona tayala lakutsogolo ndi kanjira kotalika ngati mikono isanu. Mitengo ya bulugama inkatulukira mwadzidzidzi pambali panga n'kuzimiriranso. Nthawi inali cha m'ma leveni, koma sindinamve tambala, mwana, ngakhale musi. Nditadutsa kumunsi kwa Boma ndinafika pamphambano ina yomwe sindinaikumbukire, ndipo ndinangosankha njira yakumanja chifukwa inkaoneka yopondedwa kwambiri.

Patapita kanthawi ndinaona masamba panjira.

Aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake. Pakagwa maliro, anthu amayala nthambi zaziwisi modutsa njira, kuno ndi uko kwa mudzi. Wagalimoto amachepetsa liwiro. Wapanjinga amatsika, kuvula chipewa, n'kuikankha njingayo mpaka atadutsa masamba achiwiri. Palibe amene amakuuza, ngakhale mwana wa sukulu amachita yekha.

Ndinadziuza kuti yathyola ndi mphepo. Linali bodza, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bodza, chifukwa mphepo siyala nthambi za mango mumzere wowongoka chonchija. Zoona zake n'zakuti ndinakwiya. Ndinali nditanyowa, bondo likuwawa, nthawi itatha, ndiye nditsikenso kukankha njinga chifukwa cha munthu wosamudziwa pamene bambo anga akundifunsa? Ndinati m'chifunga muno andiona ndani. Ndinaponda pedulo, masamba aja n'kulira pansi pa matayala.

Kenako ndinamva nyimbo. Anali amayi, akuimba motsitsa, ndipo sindinadziwe kumene mawuwo ankachokera. Ankamveka kutsogolo, kenako kumbuyo, kenako ngati pansi pa nthaka. Fungo la utsi wa nkhuni zonyowa linandipeza. Ndiyeno m'mbali mwa njira munayamba kutuluka anthu, azibambo atakhala pazipika ndi pamiyala, atadzikuta m'majekete, ali chete. Ankaoneka mmodzimmodzi ndikawayandikira. Aliyense ankatembenuza mutu kunditsatira ndi maso. Tcheni changa chodzaza mchenga chinkalira mokweza moti chinkapikisana ndi nyimbo ija.

Mkulu wina wamtali, wa jasi lakuda, anaimirira pakati pawo n'kukweza dzanja. Sanakuwe. Anangolikweza n'kulisiya m'mwamba. Ine ndinaweramitsa mutu n'kupalasa mwamphamvu mpaka ndinaponda masamba achiwiri. Nditacheuka, kumbuyo kunali koyera mbee, ngati kunalibe mudzi n'komwe.

Ndinasochera pang'ono ndisanapeze njira yoizolowera, ndipo kwa bambo ndinafika patatha pafupifupi ola. Pakhomo panali zii. Chitseko chinali chomanga ndi waya. Pachingwe panali mphasa ndi bulangete lawo lofiirira, zikudontha madzi. Ndinaodira katatu. Nkhuku zokha ndi zimene zinatuluka kukhonde kudzandiyang'ana.

“Mwabwera, bambo?”

Ndinadzidzimuka. Anali mayi achikulire a nyumba yoyandikana nayo, ataima pafupi kwambiri, atafunda chitenje kumutu. Ankandidziwa. Anandiyang'ana matope kuyambira kumapazi mpaka kumutu asananene china.

“Pepani, bambo. Bambo anu anatisiya Lolemba dzuwa litapendeka. Anthu anakuimbirani mpaka kutopa, foni yosagwira. Dzulo abale awo anabwera kudzatenga thupi. Paja mkamwini sagona kwa eni, amabwerera kwawo. Onse ali komweko, ine miyendo yandikanika.”

Mudzi umene bambo anabadwira ndinapitako kawiri kokha ndili mwana, ndipo maulendo onsewo tinalowera kumsewu waukulu. Ndinawafunsa mayiwo njira yachidule yopitira kumeneko. Analoza kumene ndinachokera. Anati ndikawoloka kamtsinje ndikwere chitunda, ndikaona mitengo ya mango, sindingasochere chifukwa panjira ayala masamba.

Ndinakhala pansi pakhonde, pamatope pomwepo.

Pobwerera chifunga chinali chitayamba kupepuka. Nditafika pamasamba ndinatsika, n'kumasula chipewa chija. Anthu anali ataimirira tsopano, ochuluka kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ankapatuka kundipatsa njira. Ndikanakonda wina akanandikalipira, ngakhale kundiwomba mbama. Ankangoyang'ana jekete ndi njinga, kenako n'kuyang'ana pansi.

Bokosi linali panja pa nyumba ya siwa, lotseka. Mayi anga ondipeza anali atakhala pambali pake, ndipo atandiona anaphimba nkhope ndi chitenje. Mkulu wa jasi lakuda uja anabwera n'kundigwira pamkono. Pafupi ndinamuzindikira: anali bambo anga aang'ono, mng'ono wawo wa malemu.

Ndinawapempha monong'ona kuti atsekuleko pang'ono, ndione nkhope.

“Misomali yalowa kale, mwananga,” anatero. “Adzukulu akuti kumanda madzi ayamba kulowa m'dzenje, sitingachedwenso. Takudikira chiyambire m'mawa. Anthu onse anaona nkhope, koma azakhali ako anakhala pachivundikiro, akuti sichitsekedwa mwana asanafike.”

“Ndiye mwatsekeranji?” ndinafunsa, ukali wanga wopusa uja ukufuna kudzukanso.

Sanakweze mawu. “Ndinakuzindikira pamene unkadutsa paja. Mapewa akowa ndi a bambo ako, ndi mmene ankaweramira panjinga. Ndinakuimika, sunaime. Azakhali ako atandifunsa, ndinawauza zimene ndinaona, kuti mwana uja wafika, wationa, wadutsa. Ndiye anadzuka okha pachivundikiropo.”

Ndinafuna kufotokoza za foni, za chifunga, za phiri losaoneka, kuti sindinadziwe kuti ndi pano. Koma zonsezo zikanangotanthauza kuti maliro a munthu wina ndikanawaponda bwinobwino, ndipo pamaso pa anthu aja sindikanatha kunena zimenezo. Manyazi anasakanikirana ndi chisoni, moti kulira kwenikweniko kunakanika.

Amuna ananyamula bokosi, amayi anayambanso nyimbo ija. Tsopano ndinkaona bwinobwino pamene inkachokera. Azakhali anadutsa pafupi nane atagwiriziridwa ndi amayi awiri, maso ali kutsogolo.

“Tsamiritsa njingayo pamtengopo,” anatero bambo aang'ono. “Kumanda timapita wapansi.”