Thumba la Maliro

Chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha matenda a korona, tsitsi langa linakhala nthawi yaitali losaluka. Masiku oyamba dandaulo langa linali lokhalo. Ndinali wamng'ono, ndipo sindinkadziwa chilichonse cha moyo wa munthu amene ankandiluka.

Tinkakhala ku Bin Omran, m'dziko lina la m'chipululu kutali ndi Malawi, ine, amayi ndi abambo. Amayi ndi namwino. Wondilukayo ndinkawatchula kuti Anti, ngakhale panalibe chibale. Kwawo kunali ku Mulanje, koma kuno ankakhala ku Najma. Ankabwera Lachisanu masana, tsiku lopuma kuno, atanyamula kachikwama ka zipeso ndi ulusi. Ine ndinkakhala pansi pakati pa mawondo awo, iwo n'kumakoka tsitsi uku akucheza ndi amayi. Mwachibadwa ine sindilankhulalankhula, ndipo Anti sankatopa kundiseka pa zimenezo.

“Asisi, mwana wanuyu munamugula wopanda batire?” ankawafunsa amayi. Kenako ankawerama n'kundiyang'ana kumaso. “Zikupweteka? Ukangoti inde, ndikupatsa switi.”

Ndinkangopukusa mutu, misozi ili m'maso. Switiyo ankandipatsabe.

Panali tinthu tina timene ndinkationa koma osatimvetsa. Tikamawaperekeza, akaona galimoto ya polisi ankasiya nkhani pakati n'kuyamba kufufuza m'chikwama mopanda chifukwa. Sankalola kujambulidwa. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwanga, abambo atakweza foni, Anti anabisa nkhope ndi mbale ya keke. Tonse tinaseka. Ine ndinkaganiza kuti nawonso ndi amanyazi ngati ine, ndipo ndinkawakonda kwambiri chifukwa cha zimenezo.

Matenda atafika, Anti anasiya kubwera. Ine ndinkaphunzira pa kompyuta, patebulo lodyera. Amayi akabwera kuntchito ankavula nsapato pakhomo n'kulunjika kubafa asanapatse aliyense moni. Pa foni ya munthu wamkulu aliyense panaikidwa kachizindikiro ka zaumoyo, ndipo mlonda wa pasitolo sankakulowetsa ngati sikakuonetsa mtundu wobiriwira. Kuti kagwire ntchito, kankafuna nambala ya chiphaso chokhalira m'dziko muno.

Azimayi a ku Malawi okhala kuno ali ndi gulu lawo pa foni. Ena amagwira m'mahotela, ena m'nyumba za anthu, ena ndi anamwino ndi aphunzitsi. Gululi lili ndi thumba la maliro. Mwezi uliwonse aliyense amaponyamo kangachepe, kuti wina akamwalira kuno thupi lake likwere ndege likaikidwe kwawo. Ndalamazo ankasunga ndi mayi wina wachikulire wa ku Khulaifat, amene onse ankangomutchula kuti asungichuma.

Masana ena amayi ankasita yunifomu yawo uku akumvetsera mauthenga a mawu a pagulupo. Ankaganiza kuti ndili m'kalasi, koma aphunzitsi anali atatipatsa nthawi yopuma. Ndinamva mawu a asungichuma akutchula Anti.

“Anthuni, mnzathu uja ku Najma zinthu zavuta. Mukudziwa kuti aidi yake, chiphaso chija, inatha kalekale. Chithawireni kwa madamu uja ankamugwirira ntchito, pasipoti inatsala komweko. Pano makasitomala oti awaluke palibe. Mushopu sangalowe. Amene amamubwereka bedi wanena kuti sabata ino ikatha asanalipire, atulutsa katundu wake panja.”

Mawu akuti kuthawa ndinkawamva pokamba za akuba. Sindinkadziwa kuti munthu amene amandipaka mafuta m'mutu ndi chala chake angakhale wothawa. Ndinakumbukira mbale ya keke ija, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinaseka nawo.

Mayi wina anayankha kuti pali malo amene akugawa chakudya ndi kandalama kwa anthu amene ntchito zawo zaima, bwanji osapita kumeneko. Asungichuma anati anafunsa kale. Funso loyamba kumeneko linali nambala ya chiphaso. Anti analibe nambala yoti apereke, ndipo ankaopa kuti akangotchula dzina, mawa kubwera galimoto ya polisi. Akanatulutsidwa m'nyumba muja, misewu inali yopanda anthu, moti munthu wonyamula chikwama akanaonekera patali.

Apa m'pamene amayi anga anajambula uthenga wawo, simbi ili m'manja. Anati amasule thumba la maliro.

Foni inalira osaleka. “Ayi, anesi, zimenezo ndiye malodza,” anatero wina. “Ndalama za maliro sadyera. Mukufuna kutiitanira chiyani nthawi ngati ino?” Wina anamudula: “Ndiye tidikire afe kaye kuti timuthandize bwino? Tidzamugulire maluwa?” Wina anati akangoyamba ndi mmodzi, mawa abwera khumi, poti ovutika ndi ambiri. Wina anangolira, osanena kanthu, mpaka uthenga unatha. Anakangana mpaka tsiku lotsatira. Pamapeto pake anagwirizana kutapamo pang'ono, zokwanira bedi ndi chakudya, koma osamuuza mwiniwake kumene zachokera.

Madzulo a tsiku loyambalo ndinalemba m'buku langa la tsiku ndi tsiku kuti Anti alibe mapepala. Kenako ndinafufuta mpaka pepala linabooka, kuopa kuti wina angawerenge.

Vuto linali lakuti Anti sankayankha mafoni a azimayi anzawo. Akayankha ankangoti, “Ndili bwino, mafi mushkila,” kutanthauza kuti palibe vuto, n'kudula. Lachisanu amayi anandiuza kuti ndivale chophimba pakamwa tipite limodzi.

“Ine ndikaimba sangatsike,” anatero. “Koma akamva kuti wabwera iwe, atsika.”

Najma ndinkaidziwa ngati malo a phokoso, anthu akupanikizana pa timasitolo ndi pamalo otumizira ndalama kumudzi. Tsiku limenelo zitseko zambiri zinali zotseka, ndipo kunkangomveka makina oziziritsa nyumba akudontheza madzi pakhoma. Tinaima pa nyumba ina yakale. Amayi anandipatsa foni yawo kuti ndijambule uthenga. Ndinayesa kawiri mawu osatuluka. Kachitatu ndinati, “Anti, ndine. Ndili pansi pano.”

Patapita kanthawi, munthu wina anatsika masitepe atagwira khoma. Ndinayang'ana kumbuyo kwake kuti ndione ngati Anti akubwera. Kenako munthuyo analankhula.

“Mayo ine, tsitsi limenelo! Asisi, mwayamba kuweta nkhuku m'mutu mwa mwana?”

Anali iwowo. Anti anali munthu wathupi, woti akakhala pampando wathu mpandowo unkalira. Tsopano diresi linkangolendewera ngati lili pachingwe. Pakamwa anamangapo mpango, ndipo pamwamba pake maso anali atalowa mkati. Ndinkafuna kuthamanga kukawakumbatira, koma amayi anandigwira paphewa. Tinaima motalikirana, iwo pamasitepe, ife pakhomo.

Amayi anaika jumbo ya mpunga, nyemba, mafuta ndi buledi pa sitepe yoyamba, envelopu pamwamba pake, n'kubwerera m'mbuyo. Anti anaomba m'manja pang'onopang'ono kuthokoza chakudyacho. Envelopuyo anangoiyang'ana.

“Asisi, izi zachokera kuti?”

“Anzanu asonkha.”

“Anzanga ati? A kuhotela sakulandira salale. Am'nyumba mamadamu awo sakuwatulutsa ngakhale pageti. Musandinamize pamaso pa mwana.”

Anti anayang'ananso envelopu ija.

“Mwamasula thumba lija,” anatero Anti. Silinali funso.

“Tatapamo pang'ono chabe, achemwali.”

“Bwezani. Khalasi, basi, bwezani lero lomwe.”

Amayi anayamba kunena kuti za malodza n'zongokamba anthu, koma Anti anakweza dzanja.

“Ine za malodza ndilibe nazo ntchito. Mukawafunse asungichuma ngati ndinaphonyapo mwezi. Ndinkagona ndi tiyi wopanda shuga, koma m'thumba muja ndinkaponya. Mukudziwa chifukwa chake? Inu muli ndi mapasipoti, holide ikakwana mumakwera ndege. Ine pa eyapoti sindingadutse ndi miyendo yangayi, andigwira. Koma wakufa samuika m'selo. Tikiti yanga ndi thumba lija. Ndimafuna mayi anga adzandiike okha, pafupi ndi bambo, kuseri kwa minda ya tiyi. Ndiye lero mwabwera kudzandiuza kuti ndidye tikiti yanga?”

Sindinamvepo munthu akulankhula za imfa yake ngati mmene ena amakambira za ulendo wa pa Khirisimasi. Mawu awo sananjenjemere n'komwe. Zinali zinthu zimene anaziganiza kalekale n'kuzikonza bwinobwino. Ndinazindikira kuti Lachisanu lililonse, pamene ankandiluka n'kumandiseka za batire, ndalama imene amayi ankawapatsa mbali ina inkapita ku bokosi lawo la maliro. Ndinkangoyang'ana zala zawo, zimene ndinkazidziwa bwino kuposa nkhope yawo.

Ndinkayembekeza kuti amayi awanyengerera. Koma analankhula ndi mawu ena, amene sindinawamvepo kunyumba, ouma ndi osafulumira.

“Achemwali, ndimvereni. Ine ndikuchokera ku wodi. Amene ndawaona akumwalira ndi matendawa sanapite kwawo. Aikidwa konkuno, mumchengamu, abale awo akuonera pa foni. Inu mwafooka kale. Akakutulutsani panja, matendawa akakupezani ndi njala imeneyi, thumba lija silidzakunyamulani. Lidzangotsala lodzaza.”

Anti anakhala pansi pa sitepe pamene anaimapo.

“Ngakhale ndalama zilipo?”

“Ngakhale zilipo.”

Ndinawayang'ana amayi ngati munthu wachilendo. Masiku onsewo akabwera kuntchito ankangoti kunali bwino, n'kufunsa ngati ndalemba homuweki. Sindinkadziwa zimene ankaona, ndipo sindinkakhulupirira kuti angalande munthu wanjala chinthu chimodzi chokha chimene ankadalira. Mumtima ndinawakwiyira.

Kumtunda wina anatsegula chitseko, anasuzumira, n'kutsekanso. Kenako Anti anatembenukira kwa ine.

“Iwe wopanda batire. Wangoima ngati mtengo wa magetsi. Ukuti bwanji iweyo?”

Ndinali ndi zambiri mumtima, zabwinozabwino, zimene ndikanatha kuzilemba tsamba lonse. Pakamwa panatuluka liwu limodzi.

“Mwaonda.”

Anti anaseka mpaka kutsokomola. “Mwamumva, asisi? Batire lagwira lero, ndiye mawu oyamba ndi chipongwe!” Kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo anakweza mpango uja kubisa maso. Nanenso ndinalira, chophimba changa chinanyowa.

Atapukuta nkhope, anatambasula dzanja n'kutenga envelopu. Sanathokoze, ndipo amayi sanayembekeze kuthokozedwa.

“Koma malo anga m'thumba muja asachotsedwe,” anatero.

“Palibe amene akukuchotsani.”

“Yalla, pitani, mwanayu asapse ndi dzuwa. Ndipo mumumange ngakhale timizere tiwiri, akuchititsa manyazi mtundu.”

Anakwera masitepe pang'onopang'ono, jumbo ili pachifuwa ngati khanda.

M'galimoto amayi sanalize injini msanga. Anangogwira chiwongolero ndi manja awiri. Kunkatentha kwambiri. Ndinalimba mtima n'kufunsa.

“Amayi, zimene munanena zija n'zoona?”

“Ukanakonda ndiname?”

Mpaka lero sindidziwa chimene ndikanakonda. Tsiku limenelo sindinalembe chilichonse m'buku langa. Pali tsamba lopanda kanthu, ndipo ndikalifika ndimadziwa kuti ndi la ku Najma.

Anti sanatulutsidwe m'nyumba muja. Azimayi aja anamasulanso thumba lija kangapo, kwa iwo ndi kwa ena amene tinangomva kuti nawonso analibe kolowera. Amene ankakana poyamba sanasiye kudandaula, koma sanasiyenso kuponya. Zinthu zitayamba kutseguka Anti anabweranso kwathu, ndipo anandiluka mokoka kuposa kale. Za masitepe aja sitinazikambenso.

Patapita nthawi, boma linalola kuti anthu amene mapepala awo anatha akadzionetse n'kubwerera kwawo osamangidwa. Anti anachita mantha masiku ambiri, akuti mwina ndi msampha. Amayi anawaperekeza mpaka pakhomo pa ofesiyo n'kudikira panja.

Anti atapita kwawo, pa foni ya amayi panabwera chithunzi. Anti anaima m'njira yofiira, kumbuyo kwawo kuli minda ya tiyi, pambali pawo pali gogo wamfupi amene anawagwira mkono ndi manja onse awiri. Nkhope sanabise. Ndi chithunzi chawo chokhacho chimene ndili nacho. Pansi pake panali uthenga wa mawu, ndipo unali wa ine.

“Iwe wopanda batire, uwauze amayi ako kuti ndafika ndi miyendo.”