Kangaude wa Wezi

Lachiwili ndinapeza botolo la mafuta ophikila kuseli kwa nkhokwe. M'kati munali khungwa loimika, ndipo pakhungwapo panali kangaude waubweya, akali mwana. Ndinavula patapata kuti ndimuphe.

"Amama, musamuphe!"

Anali Wezi, mwana wanga woyamba. Kangaudeyo anamutola m'phako la mtengo wa mango, ndipo amamudyetsa tiziwala. Ndinaima, chifukwa Wezi kukweza mawu n'kosowa.

Sabata yomweyo kwathu kuno ku Kapichila kunali alamu anga a Nyazimba, mlongo wa amuna anga amene Wezi amawaitana kuti ankhazi, ochokela ku Kasungu. Anati mwanayu ngwamwano, ukamupatsa moni amathawila kuseli kwa chitseko. "Ndipite naye, akaphunzile ulemu." Amuna anga anatsala pang'ono kuvomela. Ine ndinangoyang'ana pansi, monga mwa masiku onse. Mtima unkakana, pakamwa pali gwa.

Tsono alamuwo anaona botolo lija, nalikhutchumula. Kangaude anaimika miyendo yakutsogolo.

"Mwaona ukali? Chofanana ndi mwini wake!"

"Sanakwiye, ankhazi. Akuopa," anatelo Wezi. "Mukamudzela pamwamba amayesa ndinu mbalame. Sagwilidwa ndi manja, aluma."

Wezi analandila botolo, naliika pansi, nadikila. Kenako anatenga nthenga ya nkhuku, nakhudza kangaudeyo pang'ono kumbuyo. Miyendo ija inatsika, kangaude anakwela khungwa lake mwakachetechete.

Abale anga, ndi ana angati amene timawatcha amwano pomwe ali ndi mantha chabe? Timawadzela pamwamba, ndi mawu aakulu, pamaso pa alendo. Akabisala timati alibe ulemu, akadziteteza timati ngaukali. Inenso anthu akhala akunditcha wonyada kutchalitchi ndi kuchigayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndani amadekha?

Ndinamva mawu anga akutuluka: "Alamu, Wezi sapita. Ndimulela ndekha."

Alamu anatembenukila kwa ine. Kenako anaseka, nati, "Kodi inunso mumaimika miyendo?" Loweluka anakwela basi okha. Potsazika sanafuule, anagwada pafupi ndi Wezi. Mwana anawapatsa dzanja.

Ndikuthokoza kachilombo kaja, ndikuthokozanso alamu amene anamva. Koma usiku ndikaona patapata pakhomo ndimadzifunsa: ndikanamenya tsiku lija, Wezi akanagona kuti lelo?